Lilime la Mayi Lorna

Mayi Lorna Haskell ankalawa mpweya. Inde, ndi lilime. M'mawa uliwonse, asanatsegule geti la bwalo lathu lothamangitsirapo akavalo, ankaima chotangadza, n'kutulutsa lilime ngati galu wotopa, kenako n'kulengeza nambala.

Lamulo la pabwalopo linali ili: makina oyeza utsi akapitirira 150, kavalo sathamanga, kaya ndi mpikisano kaya n'kungoyeserera. Makinawo anali padenga la ofesi, koma mayi Lorna ankawatchula kuti kabokosi kabodza.

"Lero zingati, mayi?" tinkafunsa ife osamalira akavalo.

"92. Ziwiri zapamwambazo ndi fodya wa mnzanu Chuy uyo."

Tsiku lina anakuwa, "200! Bwezani akavalo!" Bwalo linatsekedwa kumwamba kuli mbee. Kufufuza, tinapeza kuti kukhitchini apsereza nyama yankhumba. Kupepesa? Ayi ndithu. "Utsi ndi utsi. Mapapo a kavalo safunsa kumene wachokera."

Ndiye kunabwera Ogasiti uja, moto utatha masabata atatu ukudya mapiri akuno kumpoto kwa California. Dzuwa linkatuluka lofiira ngati chilonda. Loweruka makina anati 140. A Dwight Kimbrough, ophunzitsa akavalo, anafika pageti ndi kavalo wawo wamkazi, woti athamange komaliza mpikisano waukulu usanafike.

"Tsegulani, mayi. Lamulo likundilola."

"Lamulo lilibe mapapo, achimwene."

"Lilime lanulo linakalamba. Silisiyanitsanso khofi ndi madzi otsukira mbale."

Mayi Lorna analawanso, nthawi yaitali, ndipo palibe anaseka.

"Si mitengo yokha iyi," anatero chapansipansi. "Muli matayala umu. Muli penti. Kukupsa nyumba za anthu."

Anakhoma loko, kiyi n'kuponya m'jombo yawo.

A Dwight anathamangira kuofesi kukawachotsetsa ntchito. Asanabwereko, mphepo inatembenuka. Phulusa linayamba kugwera m'madzi a akavalo, masana kunada, ndipo m'makola monse munali gu! gu! ziboda kumenya matabwa. Tinakweza akavalo m'malole mpaka madzulo, kuwathawitsa moto. Mayi Lorna, ndi zaka 71 zawozo, ankawatsogolera mmodzimmodzi, kukamwa kuli pamtunda. Kavalo wa a Dwight uja, mayiwo anamukweza okha.

"Phimbani pakamwa, mayi!" ndinawakalipira.

"Ndikaphimba ndidziwa bwanji, iwe?"

Chifuwa chimene anatenga tsiku limenelo sichinawasiyenso. Anamwalira mu Febuluwale. A Dwight ananyamula nawo bokosi la maliro.

Pageti pano pali bambo wina waulemu, amene amayang'ana nambala ya utsi pafoni n'kutsegula. Chaka chino mapiri auma Juni asanathe, ndipo mphepo ikuchokera komwe kuja. Dzulo m'khola lachitatu akavalo awiri amatsokomola. Tonse tinamva, koma tinangopitiriza kusesa, wina osayang'ana mnzake.