Madesiki a Alamu Anga

Chinali chaka cha 2022, ine ndili ndi zaka 71. Pa msinkhu umenewo munthu sayenera kuchita zinthu zoti ana azimusekera kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinachita. Ndilemba kamodzi kokha. Wofuna kuseka aseke lero, asadzandifunsenso pa maliro.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, ndipo sindichita nazo manyazi. Ndalima fodya kufupi ndi Mitundu kuyambira ndili mnyamata, ndipo fodya ameneyo ndi amene anaphunzitsa mwana wanga wamkazi, Alinafe. Lero amaphunzitsa ku yunivesite. Ntchito yake, mmene anandifotokozera, ndi kufufuza za ndalama za maphunziro: zikachepa zipite kuti, zikapita zapindula chiyani. (Ndinamufunsa ngati ndalamazo amazigwira ndi manja. Anati ayi. Ndinati ndiye kuti amaweta ng'ombe za eni ake ali kutsidya kwa mtsinje. Sanaseke.)

Alinafe anayamba Sitandade 1 chaka chimene sukulu za pulayimale zinakhala zaulere. Anayambira pasukulu ya m'mudzi mwathu, atakhala pa njerwa pansi pa mtengo wa mango. Nthawi imene ndikunenayi ine ndinali wapampando wa komiti ya sukulu yomweyo. Mtengo uja unalipobe, ndipo ana ankakhalabe pansi pake.

Tsiku lina, fodya tikumanga, anandiimbira foni. Anati anthu a kuntchito kwake adzayendera sukulu zingapo za kuno kumwera kwa Lilongwe, ndipo yathu ili m'gulumo.

"Bambo, musachite chilichonse," anatero. "Adzangoona mmene zinthu zilili."

Ndinati ndamva. Kumva ndinamvadi, koma ndi makutu akale. Masiku athu kukamabwera oyendera sukulu tinkasesa mpaka kumsewu, kupaka miyala laimu, kuwenga zikhadabo. Mphunzitsi wamkulu amene sukulu yake yapezeka yauve ankasamutsidwa. Ndiponso kwathu kuno mlendo sumuyalira mphasa yong'ambika, ngakhale ikhale yokhayo, umakabwereka kwa mnansi. Koma chimene chinandisowetsa mtendere kwenikweni ndi ichi: anzake a Alinafe adzaona ana pafumbi, akabwerera kuofesi azikanong'onezana kuti amayi aja, ndi maphunziro awo onsewo, anachokera pamalo otere. Sindinafune kuti mwana wanga achite manyazi chifukwa cha kwawo. Basi. Zonse zotsatirazi zinachokera pamenepo.

Ahedi athu, mayi wofatsa wa ku Dedza, anayesa kundiletsa.

"A tcheya, bwanji tingowasiya aone?"

Ndinawayankha kuti mwanayo ndi wanga, si wawo. Anakhala chete. Komiti nayo inakhala chete, chifukwa ine ndikalankhula anthu amakhala chete. (Ndinkayesa ndi ulemu. Tsopano ndimakayika.)

Tinayamba ndi kusesa ndi laimu. Apo palibe mlandu. Ndikanalekera pomwepo bwenzi nkhani ino kulibe. Koma nditazungulira m'makalasi ndinaona kuti bwalo loyera likungoonetsa bwino umphawi wam'kati. Madesiki analipo mu Sitandade 8 ndi ochepa mu 7. Ena onse ankakhala pansi.

Ndinakwera basi kupita ku Nathenje kwa alamu anga, achimwene awo a akazi anga, amalume ake a Alinafe. Iwonso anali wapampando wa komiti ya sukulu ya kwawoko, ndipo sukulu yawo inali ndi madesiki akale, ogwedera, koma okwanira makalasi angapo. Ine ndi alamuwa sitinagwirizanepo pa nkhani ya Alinafe. Iwo amati mbumba ndi yawo, ine ndine tambala wobwereka chabe. Ine ndimati tambalayo ndi amene analipira fizi. Choncho kupempha kunandivuta, koma ndinapempha.

Anandimvetsera mpaka kumapeto. Anafunsa tsiku limene alendowo adzafike kwathu. Nditawauza anayang'ana kudenga kanthawi, milomo ikuyenda ngati akuwerenga.

"Tengani onse, alamu," anatero. "Mwana ndi wathu tonse."

Anandipezeranso lole ya mnzawo yonyamula fodya, ine ndingothira mafuta. Munthu amene sanandibwerekepo ngakhale pampu ya njinga. Ndinabwerera kwathu ndikuganiza kuti ukalamba wawafewetsa mtima.

Madesiki atafika tinapeza vuto. Lililonse linali ndi dzina la sukulu ya ku Nathenje, lolembedwa ndi penti yoyera pamwamba. Ndinagula penti yabuluu pa Mitundu n'kulamula kuti apakidwe onse, pamwamba ndi pokhalira pomwe, kuti aoneke atsopano. Wogulitsa ananditsimikizira kuti iuma msanga. Dzina lake ndikulisunga.

Kenako vuto lina. Ana a Sitandade 1 ndi 2 anali ochuluka kuposa madesiki, ochuluka kuposa zipinda. Ndinati ana onse a pansi pa mtengo, ndi ena ongodzadza m'kalasi, apumule kunyumba tsiku limenelo. Otsalawo ndinawaphunzitsa ndekha mayankho. Akakufunsani kuti mwadya chiyani m'mawa, muziti tiyi ndi buledi. Akakufunsani za mabuku, muziti aliyense ali ndi lake. Mabuku onse a sukulu tinawasonkhanitsa kuti aziyenda patsogolo pa alendo, kuchoka kalasi ili kulowa kalasi ilo, kudzera pawindo. Pomaliza ndinapha mbuzi yanga.

Tsikulo ndinavala jekete n'kuima pamsewu kudikira galimoto ya mwana wanga. Kunabwera njinga zamoto ziwiri za kabaza. Anatsika anthu awiri, bambo ndi mayi, aliyense ndi foni yaikulu m'manja. Nditafunsa za Alinafe, mayiyo anati sabwera. Lamulo la ntchito yawo silimulola kuyendera sukulu ya kwawo, kuopa kuti anthu anganene kuti wakondera.

Anagwira ntchito yawo mwakachetechete. Anawerenga madesiki, anawerenga ana, anawerenga mabuku, anakasuzumira kuzimbudzi. Ana anayankha bwino kwambiri. Mmodzi anaonjezera yekha mazira. Mayi uja anaona kuti ana olembedwa ndi ambiri kuposa amene alipo, ndipo anafunsa ahedi kuti enawo ali kuti. Ahedi anayang'ana ine. Ndinati ambiri anali ana a matenanti a m'maesiteti, anabwerera kwawo ndi makolo awo. Mayiyo analemba. Ahedi anatuluka panja ngati akufuna mpweya.

Mbuzi anaikana. Anati saloledwa kulandira kanthu pamalo pamene akufufuza. Anakwera njinga zawo, mayiyo ali ndi mzere wabuluu kumbuyo kwa siketi. Ana onse amene anakhala pa madesiki anaweruka ndi mzere womwewo, ndipo madzulo ena mwa amayi awo anabwera kwanga ndi mayunifolomu m'manja. Mbuzi inadyedwa ndi komiti.

Ndinaimbira alamu kuti lole ibwere m'mawa mwake. Anati lole yawonongeka, ndisavutike, madesiki akhale kaye mpaka sabata inayo. Motero ana athu anakhala pa madesiki masiku angapo, akusinthana. Ndinaona kamtsikana ka Sitandade 2 kakulemba, kope lili pathabwa osati pabondo, lilime lili panja. Kanandionetsa kuti zilembo zake zawongoka. Tsiku limene lole inabwera ana anathandiza kunyamula. Pamenepo mtima unandilasa pang'ono, koma ndinadziuza kuti chachikulu n'chakuti sitinachititse mwana manyazi.

Panapita miyezi. Mvula itatsala pang'ono kuyamba, alamu anandiitanira mwambo kusukulu kwawo. Bungwe lina linapereka madesiki atsopano, odzadza malole awiri. Anandikhazika kutsogolo, pampando wa pulasitiki. Woimira bungwelo anafotokoza kuti posankha sukulu zothandiza anatsata zimene anthu a ku yunivesite anapeza. Anati pasukulu imeneyi anapeza ana onse atakhala pansi, popanda desiki ndi limodzi lomwe, ndipo mitima yawo inasweka. Anatchula sabata imene anthuwo anafika. Inali sabata imene lole inawonongeka.

Alamu ataimirira anathokoza boma, anathokoza bungwe, kenako anathokoza mlamu wawo wa ku Mitundu amene anathandiza kwambiri pa nthawi yofunika. Anthu anaomba m'manja. Amayi analuluta. Ine ndinaimirira n'kuwerama pang'ono, chifukwa sindinadziwe china chochita.

Mwambo utatha ndinawakokera kuseri kwa kalasi.

"Munkadziwa."

"Alamu, munapempha, ndinakupatsani. Nanenso mwana wa mlongo wanga anandiimbira, anati malume musachite chilichonse. Ine sindinachite chilichonse. Munachita ndinu."

Sindinawamenye. Ndikufuna zimenezi zidziwike.

Alinafe atabwera kudzationa ndinamukhazika pakhonde n'kumuuza zonse. Sindinapepese. Ndinamuuza ngati munthu wopereka dandaulo, kuti amalume ake atibera, ndipo iye, poti ndi mkulu wa anthu aja, akonze. Sanandidule mawu. Anangofunsa kuti ana amene ndinawabweza kunyumba anali ochuluka bwanji, ndi kuti mabuku ankadutsa bwanji pawindo. 

Kenako anandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa. Zimene anthu ake anapeza pasukulu pathu zinamudabwitsa. Sukulu yolandira ndalama zochepa chonchi, koma madesiki okwanira, mabuku okwanira, makalasi osadzadza, ana okhuta. Anaiika m'zolemba zake ngati chitsanzo cha zimene komiti yamphamvu ingachite ndi zochepa. Zolembazo anali atazipereka kale kwa akuluakulu, ndipo n'zimene ankayembekezera kuti zimukwezetse pantchito.

"Ndinasangalala, Bambo," anatero. "Ndinkayesa kwathu kwasintha. Ndinkati Bambo agwira ntchito."

"Ndinkafuna usachite manyazi."

"Ndi mtengo uja? Ophunzira anga onse amaudziwa. Chaka chilichonse ndimayamba ndi kuwauza za njerwa imene ndinkakhalira."

Ndinati ngati zili choncho angokhala chete. Odziwa tilipo ochepa, ndipo amalume ake sangaulule, chifukwa nawonso akudya. Anandiyang'ana mmene ine ndinkamuyang'anira akabwera ndi kope lodetsedwa. Anati ntchito yake yonse ndi yoti wina akawerenga akhulupirire, n'kutumiza ndalama kumene iye waloza. Akasiya bodza limodzi m'katimo, ena adzatengera chitsanzo cha sukulu imene kulibe.

Anakanena yekha kwa akuluakulu ake. Zolemba anazibweza, sukulu ziwiri zonse anazichotsamo, ndipo zambiri anayambanso. Kukwezedwa kunamudutsa chaka chimenecho. Madesiki a ku Nathenje sanalandidwe. A bungwe aja anati ana a kumeneko sanalakwe, ndipo akale aja anali atatha kale ntchito. Sukulu yathu anati idikire ulendo wina. Ulendowo sunafike. Komiti itamva nkhani yonse inachita chisankho ine ndili kumunda.

Mwina mukudikira kuti ndinene kuti ndinaphunzirapo kanthu. Ndinaphunzira kuti pali alendo ena amene amabwera kudzaona pamene pakudontha, ndipo ukawabisira amakafolera kwa mnzako. Koma sindinama: mpaka lero ndikamva kuti kukubwera mlendo, manja amafuna tsache. Munthu amene anakula akuuzidwa kuti umphawi ndi wobisa saleka chifukwa choti mwana wake wawerenga mabuku.

Zimene zinatayika nazi. Mbuzi imodzi. Zitini zinayi za penti. Mafuta a lole, kupita ndi kubwera. Mayunifolomu khumi ndi awiri amene ndinagula, ndi siketi imodzi imene mwini wake sanandilipitse. Mpando wa komiti. Madesiki odzadza malole awiri, amene ndimawaona ndikapita ku Nathenje. Chaka chimodzi cha ntchito ya mwana wanga. Ndipo Alinafe amaimbabe foni Lamlungu lililonse, amafunsa za chimanga, za bondo langa, za amayi ake. Kumene akupita kukagwira ntchito sandiuzanso.