Loboti la Injiniya

Pulani inabadwira kuseri kwa bala, mabotolo atayamba kuchuluka kuposa nzeru. Injiniya, amene anaphunzira makompyuta pa foni yosweka galasi, analengeza kuti walowa m'kompyuta yolamula maloboti a m'tauni monse. Pagalasipo panali misewu yawo yomwe, timagalimoto tikuyenda ngati nyerere. Anadina, loboti n'kubiriwira. Akuti mawa mnzawo Kabudula akakolopa shopu ya mafoni, njira yawo idzakhala yobiriwira yokhayokha.

Magiya ndiye anali dalaivala wa gululi. Mbali yake inali kubwereka vani ya buledi ya mlamu wake, yomwe inkadyetsa mlongo wake ndi ana, n'kuibweza yosakalika pena paliponse. Anafunsa kuti khomo lofunika chonchi, lolowera m'kompyutayo, analisiyiranji pululu. Injiniya anati anthu a madigiri ndi aulesi, basi.

Chonsecho tauniyo inali yabodza. Mphunzitsi wina pa sukulu ya chitetezo cha makompyuta anaimanga potengera mapu enieni, n'kusiya khomo lotsegula dala kuti ophunzira ake azolowere kugwira akuba a pa intaneti. Ankangoyeserera okhaokha mpaka kutopa. Mbava yeniyeni itatulukira, kalasi yonse inaiwala nkhomaliro.

Mawa lake masana, dzuwa lili pamutu, Kabudula anatuluka m'shopu ali liwiro, thumba paphewa, n'kudziponya pamabuledi m'vani. Magiya anaponda moto, Injiniya ali pambali pake, maso pafoni. Pamphambano yoyamba loboti linali psu, ngati diso la chidakwa.

"Lofiiratu ili, Injiniya."

"Kwanga kuno n'lobiriwira. Ukhulupirira maso ako kapena sayansi, aise?"

Magiya sukulu anailekezera panjira, ndipo moyo wake wonse anthu akhala akumukumbutsa. Anasankha sayansi.

Kumanzere kunkachokera galimoto ya apolisi, amene ophunzira aja ankawalondolera kumene kunali foni ya Injiniya. Sanavutike n'kuthamangitsa. Vani inawapeza yokha, m'nthiti. Mabuledi ndi mafoni zinangoti mbwee mumsewu, Kabudula ali chagada pakati pake.

Kupolisi mlamu anafika ufa udakali m'manja. Sanatukwane. Anapatsidwa makiyi ndi galasi la m'mbali, zokhazo zimene zinatsala zamoyo, n'kumuuza Magiya kuti akatuluka akafotokoze yekha kwa ana kuti adya chiyani. Magiya anazolika.

Pabenchi, Injiniya, maunyolo ali m'manja, ankakodola wapolisi ndi chibwano kuti aone foni ili padesiki.

"Bwana, chilungamo chizioneka. Taonani nokha, mpaka pano n'lobiriwira."