Dizilo Wopanda Msonkho

Nzeru zonse zinabadwira patebulo lakumapeto m'tiyirumu ya Haji Karam Din, pamene pamakhala anthu oitanitsa kapu imodzi ya tiyi n'kupempha makapu ena awiri opanda kanthu. Ine malo anga ometera ali khomo loyandikana, ndipo chotilekanitsa ndi lata limodzi lobooka. Choncho musandifunse kuti ndinamva bwanji.

Mkulu wa gululo anali Sarfraz, koma pasiteji yathu ya malole, pamsewu wopita ku Multan, aliyense ankamutchula kuti Nduna ya Zachuma. Maphunziro ake onse anawapeza m'zidutswa za nyuzipepala zokulungira samusa. Ankayamba kunyambita mafuta, kenako n'kuwerenga. Wachiwiri anali Boota, dzina la ntchito Chipaipi, mwamuna wa chifuwa ngati mgolo ndi mutu wopepuka ngati thonje. Wachitatu anali Mushtaq, uja timamuti Mabuleki kuyambira tsiku limene anagunda ndi galimoto njati yoweta itagona pamsewu, masana dzuwa likuswa mtengo.

"Tamverani kuno, mbuli inu," anayamba Nduna, akuloza ndi supuni. "M'dziko muno galimoto imadyeredwa pawiri. Pali msonkho wa pamsewu, uja wa kamodzi pachaka. Umenewo munthu wochenjera amauzemba. Koma pali wina amene anaubisa m'mafuta. Ukathira, walipira. Ukayenda kwambiri, walipira kwambiri. Umenewo ungauzembere kuti?"

"Kuyenda pansi," anatero Chipaipi.

"Iwe khala chete, ndikuphunzitsa. Ndiye dalaivala akathira dizilo, gawo lalikulu la ndalamayo lapita kwa ndani?"

"Ku boma," anayankha Mabuleki.

"Ehe! Ndiye ife tikapopa dizilo ameneyo m'thanki, tabera ndani?"

"Dalaivala."

"Boma, kape iwe! Nanga boma ndalama linazitenga kwa ndani? Kwa ife amphawi. Ndiye kuba kuli pati apa? Uku n'kubweza katundu kwa eni ake. Tikagulitsa kwa alimi a mathirakitala pamtengo wopanda msonkho, tidzakhala tathandiza dziko."

Chipaipi anagwedeza mutu mpaka khosi linalira. "Nduna, ndinu dolo. Mukadangopita kusukulu."

"Sukulu ikadandiwonongera mutu. Tsopano mverani. Mbava zopusa zimaba mumdima, alonda ali maso. Ife tiba Lachisanu masana, madalaivala onse ali mumzikiti. Mabuleki, ukabwereke kapikapu ka alamu ako."

"Ndikawauze kuti chiyani?"

"Ukati tikukanyamula odwala."

Lachisanu linafika ndi kutentha koti phula linkamata nsapato. Chimkuzamawu cha pamzikiti chitaitana, madalaivala anatsika m'malole mwawo, nasamba, nalowa. Nanenso ndinatseka. Pabwalo panangotsala agalu ogona pansi pa matayala ndi akatswiri athu atatu, atakwera kapikapu kodzaza zigubu.

Mwa malole onse amene anaima pamenepo, Nduna anasankha yokongola kwambiri, ya nkhanga zojambulidwa m'mbali, magalasi ndi timaunyolo tolendewera. "Mwini wake ndi wolemera," anatero, "thanki yake siingakhale yanjala." Apa ndiye sananame. Chimene sanafunse n'chakuti mwini wakeyo ndani. Inali ya Gul Zaman, amene mwaulemu timamutchula kuti Ustad, ndiye kuti mphunzitsi, chimunthu cha kumapiri a kumpoto, amene akakhala pampando wanga kuti ndimulinganize ndevu ndimagwira sizasi ndikupemphera chamumtima.

Chipaipi anathyola loko wa thanki, nalowetsa paipi, nakoka ndi pakamwa. Palibe chinatuluka. Anakokanso. Palibe.

"Koka ngati mwamuna, aise!" ananong'ona Nduna.

Chipaipi anatulutsa mpweya wonse, nakoka ndi mphamvu za makolo ake. Dizilo anabwera yense nthawi imodzi, ndipo moyamba kulandira katundu wobwezedwa kwa amphawi munali m'mimba mwa Chipaipi. Maso anatuluka, misozi inayenderera, koma paipi inayamba kugwira ntchito, zigubu n'kumadzaza chimodzichimodzi.

Mabuleki anapatsidwa ntchito yoyang'anira khomo la mzikiti. Anayang'anadi, mpaka anatopa nako kuyang'anako. Anakwera kutsogolo kwa lole kuti aone ngati dalaivala anaiwala foni. Foni sanaipeze. Anapeza kakhola kophimbidwa ndi nsalu yopetedwa mikanda, ndipo m'katimo munali nkhwali yonenepa, ya maso aukali, ija yomenyanitsa pamipikisano. Mabuleki ankadziwa kuti mbalame yotere imagulidwa pamtengo woposa wa njinga yamoto. Ankadziwanso kuti akauza anzake agawana patatu. Anatsika nako mwakachetechete, nakalowetsa pansi pa lona, pakati pa zigubu.

"Zatheka!" anatero Nduna. "Tiyeni, anthu asanamalize kupemphera."

Atangolowa mumsewu waukulu, Mabuleki analoza kamuvi ka mafuta. "Nduna, petulo watha. Tiime apo tithireko pang'ono."

"Ndani athire? Ine? Lero lomwe ndalanda boma msonkho, ndikaupereke ndekha pawindo? Ponda moto! Khotera njira ya m'ngalande, kulibe apolisi."

Anakhotera. Njira ya m'ngalande imadutsa m'minda ya nzimbe, n'kukafika pakamlatho kopapatiza kokwana galimoto imodzi. Pakati penipeni pa kamlatho kameneko, kapikapu kanatsokomola, kananjenjemera, n'kufa.

Anatsika onse. Kumanja madzi, kumanzere madzi.

"Ndinanena ine," anatero Mabuleki.

"Ukulira chiyani? Tayang'ana kumbuyoko. Pali munthu wina m'boma lino amene ali ndi mafuta ochuluka kuposa ife?"

"Koma uyo ndi dizilo, Nduna. Aka n'kapetulo."

"Zimenezo n'zimene amakunamizani kuti azikudulani mitengo iwiri. Zonse zimachokera m'chitsime chimodzi. Chipaipi, thira!"

Chipaipi anageya, ntchentche imene inkadutsa n'kugwa pansi, kenako anathira. Mabuleki analiza injini. Kapikapu kanadzuka ndi ukali, kanalavula chiutsi choyera chimene chinaphimba mlatho wonse, kanalira ngati mbuzi yophedwa ndi mpeni wobuntha, n'kufanso. Ulendo uno kanafa zenizeni.

Utsi usanathe, anamva hutala. Osati hutala wamba, koma uja woimba nyimbo yathunthu. Nduna anali ataiwala kanthu kamodzi kakang'ono: njira ya m'ngalande ndi imene madalaivala onse a malole amadzera pothawa geti yolipiritsa ya pamsewu waukulu. Mu utsimo munatulukira nkhanga zojambula, magalasi ndi timaunyolo. Lole ija inafika kumbuyo kwawo, nayonso inatsokomola, n'kuzima. Kumbuyo kwake kunandandalika malole ena, onse a anthu ongotuluka kumene mumzikiti.

Gul Zaman anatsika. Mlatho unamva kulemera kwake. Chipaipi anayamba kuyeza ndi maso kuya kwa ngalande. Koma chimunthucho chitayandikira, anaona kuti ndevu zake zanyowa ndi misozi.

"Abale anga," anatero ndi mawu osasa, "simunaone munthu atanyamula kakhola? Andibera Shahzada, nkhwali yanga. Ndinailera kuchokera ili kamwana. Imadya m'dzanja langa. Mkazi wanga amati ndimaikonda kuposa iye, ndipo sindinamutsutsepo."

"Pepani kwambiri, Ustad," anatero Nduna, dzanja lili pachifuwa, ndipo ankanena zoona chifukwa za mbalame sankazidziwa. "Anthu a masiku ano alibe umunthu. Kuba pa nthawi ya mapemphero!"

Mabuleki anayamba kuonetsetsa zala zake za kumapazi.

"Ndiye ndimati ndiwathamangire," anapitiriza Gul Zaman, "lole n'kundizimira. Ndathira m'mawa womwe uno, thanki yodzaza. Lero ndalodzedwa ine."

Apa munthu wanzeru akadatseka pakamwa. Koma Nduna anaona msika. Anakonza kolala, natsokomola pang'ono.

"Ustad, Mulungu sataya anthu ake. Mwakumana ndi amalonda a dizilo. Wabwino zedi, ngati yemwe mumathira inuyo. Ndipo kwa ife mulibe msonkho."

"Nduna," ananong'ona Mabuleki, "tisatsegule lona."

"Khala chete, ndili ndi kasitomala."

Gul Zaman anagwira mutu wa Nduna ndi manja onse awiri, naupsompsona pamphumi. Anapita naye kumbuyo kwa kapikapu, akufotokozabe za Shahzada, mmene inagonjetsera nkhwali ya munthu wina wa ku Sahiwal, mmene imamudzutsira m'mawa. "Ndikangoiimbira kaluzu chonchi," anatero, naika milomo pamodzi, naimba.

Pansi pa lona panayankha mawu akuthwa, onyada, obwerezabwereza.

Gul Zaman anaimbanso. Lona linayankhanso.

"Chimenecho n'chiyani?" anafunsa Nduna, akuyang'ana anzake.

"Mwina ndi injini," anatero Chipaipi.

Gul Zaman anakoka lona ndi chala chimodzi. Shahzada inali pakati pa zigubu, itatukumula chifuwa. Pambali pake panali paipi, ndi loko wothyoka wa thanki wokhala ndi kansalu kofiira kamene mwini wake anamangirira yekha. Ananyamula kakhola mosamala ngati khanda, nakapereka kwa dalaivala mnzake kuti agwirizire. Kenako anawerama, navula nsapato yake yachikopa, ija ya soli ya tayala.

"Ustad, tiyeni tikambirane ngati anthu ophunzira," anayamba Nduna. "Mukaonetsetsa, amene wakuberani kwenikweni ndi bo..."

Mawu omalizawo anawamezera limodzi ndi fumbi la nsapato. Madalaivala enawo, poti anali atangochoka kopemphera, anaima pamzere mwaulemu, aliyense kudikira nthawi yake. Mabuleki ankalandira mbali ziwiri, chifukwa Nduna akapeza mpata wopuma nayenso ankamuponyera khofi. "Wakuba iwe! Kubera anzako! Mbalame yonse wekha?"

Galimoto ya apolisi itatulukira kutsidya, itaitanidwa ndi alimi amene mathirakitala awo anasowa podutsa, mbava zathu zinaithamangira ngati ana olandira mayi ochokera kumsika.

"Timangeni, bwana!" anafuula Nduna. "Chonde, ife ndife akuba. Tili ndi ufulu womangidwa!"

Mkulu wa apolisiwo, bambo wa mimba yotsogola, anatsika pang'onopang'ono. Anamva nkhani yonse akutokosa m'mano. Anayang'ana akubawo, nayang'ana zigubu nthawi yaitali kuposa akubawo.

"Dizilo uyu ndi umboni," anatero. "Apita kupolisi."

"Ndi wanga, bwana," anatero Gul Zaman. "Lole yanga ilibe ngakhale dontho."

"Khoti likadzagamula mudzamulandira. Mbalameyonso ndi umboni."

Gul Zaman anangoweramanso n'kugwira nsapato ija.

"Koma mbalame ilibe mlandu, ikhale," anatero mkuluyo mofulumira. Kenako anatembenukira kwa anyamata ake. "Akaidi atatu ndi zigubu zonsezi sizikwana kumbuyoku. Komanso zingatayike m'njira. Umboni tiusunge pamalo otetezeka. Tsegulani thanki."

Anathira mpaka galimoto ya apolisi inakhuta, ndipo zigubu zotsala zinapeza malo kumbuyo komwe kunali kosakwana kuja. Gul Zaman anatsala pamlatho ndi thanki youma, atakhala pansi pamthunzi wa lole yake, akudyetsa Shahzada mtedza m'dzanja, osamva n'komwe mahutala a anzake.

M'galimotomo akubawo anapanikizana, maunyolo m'manja, nkhope zitatupa. Chipaipi anageya, wapolisi amene ankafuna kuyatsa fodya n'kubweza machesi m'thumba. Nduna, ndi diso limodzi limene linatsala lotseguka, ankayang'ana zigubu, kenako msana wa mkulu wa apolisi.

"Mwaona, mbuli inu?" anatero motsitsa mawu, ndi ulemu wochokera pansi pa mtima. "Alibe paipi. Sanathyole loko. Sanamwe ngakhale dontho. Ndipo mwini wake wamusiya akunena kuti zikomo bwana. Ife timangoseweretsa luso. Ntchito imeneyi imafuna yunifolomu."