Mmene Ndinapitikitsira Nambala Wani M'foni ya Amina

Amene akuti ndimanama akwere basi apite ku Matero akafunse ngati ine Yusufu, wogulitsa mbuzi, sindinalonjezedwe ukwati wathunthu waulere, ngakhale kuti munthu wamalonda akamva zoti ulere amayamba wagwira thumba lake.

Amina, mwana wa mlongo wanga, amagwira ntchito pa kakampani kena ku Garden kopanga makina oganiza aja amati AI, oti uziwatuma pa foni. Makinawo alibe manja. Ali ndi zida zawo, china choitanira wilibala, china galimoto ya madzi, china ogulitsa nyama, ndipo chida chilichonse chili ndi mawu ochifotokoza amene makina amawerenga kuti adziwe chogwira. Abwana ake anati makina akonza ukwati wa Amina, kampani ilipira zonse, bola papezeke munthu wovuta woti ayese mafotokozedwewo. Amina sanayang'ane kutali.

Ana a pakampanipo anali atapempha eni ntchitozo kuti aliyense adzifotokoze yekha. Mu Lusaka muno, mmene wometa tsitsi amalemba pakhomo kuti amakonzanso mafiriji ndi mabanja! Aliyense analemba kuti ndi nambala wani, amachita zonse, abwera pompano. Makina, ngati mlendo wotsika basi lero kuchokera ku Lundazi, anakhulupirira onse.

Ukwati utayandikira tinawayesa. Tinati madzi, kunabwera galimoto yopopa zimbudzi, poti mwini wake analemba kuti thanki yake ilibe inzake. Tinati tenti, kunabwera a maliro ndi kwaya yawo italira kale. Tinati nyama, nkhumba za ku Chibolya zinatsika pakhomo pa Msilamu, amayi a mkwati ali pakhonde akumwa tiyi. Anaika kapu pansi nanena kuti zikachitikanso Loweruka la ukwati, mwana wawo sakwatira m'banja limeneli.

"Ba malume, nithandizeniko," anatero Amina. "Ukwati uzafa."

Ndinatenga foni yake, ndinakwera minibasi ya ku tauni, nkuyamba kuwapanikiza mafotokozedwe aja mmene ndimapanikizira munthu wondigulitsa mbuzi yotsokomola: umachita chiyani, nanga chimene suchita n'chiyani, ndikupatse chiyani kuti uyambe, undibwezera chiyani, ndipo mnzako uyu wolemba zofanana nawe mukusiyana pati? Mukumva? Mawu anayamba kutuluka thukuta mpaka foni kudontha, mayi wokhala pambali panga anatsegula ambulera, "nambala wani" woyamba analumpha pawindo, anzake anamutsatira ambirimbiri moti minibasi inapepuka nkuyenda m'mwamba pamwamba pa magalimoto onse, "timachita zonse" anabisala pansi pa mpando koma kondakitala anamukoka mwendo kuti alipire, ndipo "tibwera pompano" ndiye anatuluka pomalizira, mochedwa monga mwa khalidwe lake. Onse anathawira ku Kanyama. Pitani mukaone zikwangwani za kumeneko ngati sali pomwepo mpaka lero.

Ndikutsika, m'foni munatsala mawu owonda koma oona. Wopopa zimbudzi: amatenga, sabweretsa, musamuitane pa ludzu. Wa nyama: funsani kaye ngati pakhomopo amadya nkhumba, ndiponso amene anazinga mbuzi ndani. Makina anawerenga, ndipo ndikulumbira, anapuma mpweya wautali mpaka batire kudzaza lokha.

Panatsala chida chimodzi, chotsitsira mtengo, chimene anawo anapanga pojambula mawu anga ndikutsatsana pamsika. Amina anachifotokoza kuti: katswiri wa Matero yense, amatsitsa mtengo uliwonse kwa munthu aliyense, sagonja. Ndinawerenga kawiri. Bodza silinalimo. Ndinachipatsa malikisi onse osachifunsa kanthu, chifukwa munthu sufunsa dzuwa ngati likuwala.

Lachisanu foni yanga inalira. Makina anafufuza mbuzi zozingidwa mwa Chisilamu, zonenepa, zapafupi, napeza kuti zabwino koposa ndi zanga, ndipo poti panalibe mzere woti chida ichi musachigwiritse kwa mwini wake, anandiitanira ine ndemwe. Ndinatchula mtengo, mawu anga anandiseka. Ndinati mbuzi ndi yonenepa, anati yatupa ndi mapepala a pamsika. Ndinayerekeza kuchoka, iwo anachoka msanga kuposa ine, ndinawathamangira. Tinakokana mpaka mbuzi zinakhala pansi kuonerera, mtengo unatsika, unadutsa pakati, unafika pansi, unakumba dzenje nkulowamo, ndipo dzenjelo likadali kuseri kwa khola langa, mvula ikagwa ana amasambiramo.

Loweruka kunabwera madzi akumwa, tenti yoyera yopanda kwaya, ndi nyama yoti amayi a mkwati anaonjeza kawiri nkumutcha Amina mwana wawo. Abwana a kampani anandigwira chanza nati makina awo sanaonongeko ndalama pa nyama.

Tsono musandiuze kuti makina anandigonjetsa. Anayesa ndi nzeru zawo, anabweretsa nkhumba. Mu Lusaka yense munthu woti angamutsitse Yusufu mtengo alipo mmodzi yekha, ndipo ndinamuvomereza ndine. Amene analipira ukwati waulerewo ndinenso: mbuzi ziwiri, ndi wilibala yozinyamulira.