Thadzi la Nachisale Linakafika ku Tobago

Amene akuti ndine wabodza aike kapu yake ya tiyi pansi, atulukire pageti pomwe analowera, basi ya ku Peckham ikudutsa pamsewu pomwepa. Inu a Tembo ndakuonani mukutsinzinirana ndi anzanuwo. Mwati munthu wokana kukwera m'chipinda cham'mwamba cha basi sangayendetse ndege. Ine sindikana chifukwa cha mantha ayi. Ndimakana chifukwa munthu amene anapondapo mitambo ndi mapazi ake, kumukhazika pamwamba pa basi n'kumunyoza. Tsamirani chitseko cha shedicho, koma mosamala, chifukwa chimenecho ndi phiko lakumanzere.

Nkhani inayamba ndi Tadala, mwana wa mlongo wanga Nachisale. Nachisale mukumudziwa, namwino uja wa kuno ku Woolwich amene akangokuyang'ana malungo amatuluka okha. Mwamuna wake anamwalira Tadala akukwawa, ndiye mwanayo anamulera yekha, shifiti pamwamba pa shifiti, mpaka anakula n'kukhala mtsikana uja womva Chichewa chonse koma woyankha m'Chingerezi chokhachokha. Tsiku lina anatibweretsera mnyamata wamtali, waulemu, dzina lake Desmond, kwawo ku Tobago, chilumba chotentha cha kutsidya kwa nyanja yamchere. Ndinamukonda mnyamatayo. Koma azakhali ake amene anamulera anali okalamba, osatha kuyenda ulendo wobwera kuno, choncho anawo anagwirizana kuti chinkhoswe ndi ukwati zikachitikire konko. Nkhoswe ya kuchikazi ndinali ine malume wake, akanakhala ndaninso?

Inu a ku Chipata mwambowu mukuudziwa. Pa chinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, ife akuchikazi timapereka thadzi, zonse zamoyo, ndipo mkamwini timamupatsanso khasu ndi nkhwangwa kuti adziwe zoti sakwatira kuti azingogona. Nachisale anali ndi thadzi lake lamawangamawanga limene ankaweta kuseri kwa nyumba kuyambira lili mwanapiye, ndipo ananenetsa kuti lopita kwa apongozi ndi limenelo, osati lina. Tinapita kogula matikiti a ndege, mtsikana wa pakauntala anatiseka mpaka kupukuta misozi, akuti nkhuku yololedwa m'ndege ndi yophikaphika ya m'mbale. Tadala anati palibe vuto, akagula ina konko. Pamenepo ndiye zinavuta. Nachisale anati mwana wake sakamupereka ndi nkhuku yapamsika ngati mwana wotola pamsewu, Tadala anati ngati zili choncho akakwatiwa popanda mayi, ndipo anasiya kulankhulana, nyumba imodzi, aliyense kudya payekha. Ine zinandipweteka kwambiri, chifukwa awiriwo analibenso wina padziko pano kupatula mnzake.

Ndinawaitana onse awiri pabwalo lomwe mwakhalali, ndinati inu kwerani ndege ya anthu, thadzi ndibwera nalo ine. Nachisale anavomera ndi mawu amodzi okha. Anati thadzi likapanda kufika tsiku la chinkhoswe dzuwa lisanapendeke, iye anyamula sutikesi yake n'kubwerera ku London, ndipo mwanayo asadzamutchulenso kuti mayi. Mlongo wanga uja akanena, wanena.

Mukumva? Ine ndinali makaniko wa mabasi kuyambira ndili ndi tsitsi. Injini ndinaichotsa m'basi yakufa imene inkachita dzimbiri kuseri kwa galaja, ndinaisenza paphewa n'kukwera nayo sitima ya DLR, anthu akundisunthira malo, thupi la ndege ndinapangira bafa lakale limene aneba anataya panja, mapiko ndi zitseko ziwiri zokutira ndi zitenje za akazi anga a Nangozo, pulopela wake ndi nkhafi ziwiri zimene ndinatola m'mphepete mwa mtsinje wa Thames ku Greenwich, ndipo chiwongolero chinali mthiko umene ndinauzembetsa kukhitchini eni ake ali ku kwaya. Mafuta ndinayenda m'malo onse okazinga tchipisi a ku Peckham ndikupempha otsala m'ziwaya, moti ndege yanga inali isanauluke koma agalu a Woolwich yense anali atakhala kale pageti kudikirira chakudya.

Tsiku lake litafika ndinaikankhira pamwamba pa phiri la ku Greenwich m'mamawa, ndinalowa m'bafa muja, khasu ndi nkhwangwa kumapazi, thadzi pamiyendo, kamba wa ulendo m'thumba pamodzi ndi botolo la tsabola wa kambuzi limene a Nangozo amasinja okha, ndinapemphera mwachidule chifukwa Mulungu amandidziwa, ndinaliza injini, ndege inatsetsereka kutsika phiri, ikugogoda, ikutsokomola, ikupita molunjika kumtsinje, ndipo madzi atatsala pang'ono kundinyowetsa nsapato ndinakoka mthiko ndi manja onse, ndipo taonani London yense ali pansi panga, mabasi ngati nyerere zofiira, anthu akuyang'ana kumwamba akudabwa kuti fungo la tchipisi likuchokera kuti.

Mitambo ya kuno inu mumangoionera pansi. Ine ndinagunda umodzi ndi mphuno ya ndege mpaka mano anagwedezeka. Ndi yolimba, a Tembo, yakhala pamenepo zaka ndi zaka osasuntha, n'chifukwa chake dzuwa simuliona. Ndinatenga nkhwangwa ya mkamwini n'kudula njira, zidutswa zikugwera pansi, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti tsiku limenelo kunagwa matalala ku Lewisham. Nditatulukira pamwamba pake ndinapeza maambulera onse amene mphepo yakhala ikulanda anthu a London, ataunjikana mulu kutalika ngati nyumba, ndipo ndinaiona ndi yanu yomwe, ya mabokosimabokosi ija munkanamizira mkazi wanu kuti anataya. Ndinatola imodzi yokha yotchingira thadzi, chifukwa ine si wakuba.

Njira Desmond anali atandilongosolera bwino, anati ndizingotsatira dzuwa komwe limakalowa koma ndikupendekera kumanzere. Pansi madzi okhaokha, kutsogolo madzi, kumbuyo madzi, popanda ngakhale munthu womufunsa. Thadzi linkaikira dzira, ine n'kukazinga pa injini, ulendo uli mkati. Pakatikati pa nyanja tinakumana ndi chimvula champhepo, chakuda bii, chotseka njira yonse, ndipo ndinaona kuti ndikalowamo thadzi la eni ake linyowa n'kudwala chitopa, ndiye ndinaimika ndege pamphepete pa mtambowo, ndinatsika ndi khasu, ndinapanga mizere yopingasa ngati m'munda wa paphiri kwathu ku Dedza, mvula yonse inatsata mizere ija n'kukagwera kumbali, ine ndinadutsa pakati pouma. Mukuseka? Kafunseni a zanyengo chifukwa chake mvula imene ankaiyembekezera sabata imeneyo inakagwa kwina.

Tsono imvani pamene panavuta. Dzuwa linali litayamba kundisiya kutsogolo, chilumba chisakuoneka, ndipo injini inatsokomola kawiri n'kukhala chete. Mafuta a tchipisi anali atatha. Kunangomveka mphepo ikuimba m'zitenje, ndege ikutsika, nsomba pansi zikutsegula kukamwa. Ine imfa sindinaiope, ndinaganiza za Nachisale akukoka sutikesi yake pamchenga ndi Tadala akulowa m'banja wopanda mayi, ndipo mtima wanga unalira. Ndinapisa dzanja m'thumba kuti mwina ndidye komaliza, ndinakhudza botolo la kambuzi uja. Inu munalawapo kambuzi wa a Nangozo pa Khirisimasi, munatuluka panja osavala jekete. Ndinatsegula pothira mafuta n'kukhuthuliramo botolo lonse.

Injini ija inakhala kaye phee, ngati ikuganiza. Kenako inayetsemula. Kuyetsemula koyamba chipewa changa chinapita, kwachiwiri tinalipeza dzuwa n'kulipitirira ine ndikulipatsa moni ndi dzanja, kwachitatu ndinacheuka n'kuona chithunzithunzi changa chatsalira kumbuyo pamadzi chikuthamanga chikundikodola kuti ndichidikire, ndipo nditayang'ana pamiyendo ndinafuna kukomoka, chifukwa liwiro lija linali litasosola thadzi nthenga zonse, osasiyako ndi imodzi yomwe. Linali lamoyo, maso ali mwaa, koma lili mbulanda ngati nkhuku ya m'firiji.

Chilumba chinatulukira pamenepo, chobiriwira, mitengo ya kokonati ikuwerama, madzi oti ukhoza kuwerenga zala za nkhanu pansi, ndipo pagombe panali tenti yoyera ndi anthu atavala zokongola. Mabuleki ndinali nditaiwala kuika, munthu sungakumbukire zonse. Ndinatulutsa khasu n'kulizika mumchenga ndege ikuthamanga, linalima mzere kuchokera kumapeto a gombe mpaka pakhomo pa tenti, ndipo mpaka lero anthu a kumeneko amadzalamo mbatata. Nditaima ndinaona zimene ndinkaopa. Dzuwa linali litandipitiriranso pamene ndinkalima mchenga, litapendeka pang'ono, Nachisale ali ndi sutikesi m'manja, nkhope ili gwa, Tadala ali chilili m'chitenje chake cha chinkhoswe, misozi ili chuchuchu koma osawaletsa mayi ake, poti kuuma mutu anatengera kwa iwowo.

Ndinatsika n'kukweza thadzi m'mwamba. Nachisale analiyang'ana kamodzi.

"Achimwene, nanunso mufuna kundipusitsa? Langa ndi lamawangamawanga. Ilo mwagula m'shopu."

Ndinalumbira, ndinafotokoza za kambuzi, koma iye anatembenuka n'kuyamba kukoka sutikesi. Ine amene ndinadula mitambo ndi nkhwangwa ndinalephera kumuimitsa. Amene analankhula anali Tadala, ndipo analankhula m'Chichewa, chinthu chimene sindinachimvepo pakamwa pake chiyambire kupita kusukulu.

"Amayi, musapite. Taliitanani."

Nachisale anaima. Osatembenuka n'komwe, anapisa m'chikwama, anatulutsa makiyi a nyumba yake ya ku Woolwich n'kuwagwedeza monga amachitira akamabwera ku shifiti. Thadzi lija linadumpha m'manja mwanga, linathamanga mbulanda yomweyo pakati pa alendo onse, linakafika pamapazi ake n'kuyamba kujompha chingwe cha nsapato monga linkachitira masiku onse. Mlongo wanga anakhala pansi pamchenga pomwepo, thadzi dzanja lina, mwana wake dzanja lina, ndipo analira kulira kumene sanalire ngakhale pa maliro a mwamuna wake. Inenso ndinalira, sindibisa, ndipo Desmond analira kuposa tonse ngakhale sanamve liwu ndi limodzi lomwe.

Tili mkati mopatsana nkhuku, ine ndikupereka thadzi, nkhoswe ya kuchimuna ikundipatsa tambala, kunabwera kamtambo kuchokera kunyanja, anthu ankati ndi maluwa oponyera akwati, koma zinali nthenga zija zatipeza, ndipo zinatera pa thadzi iliyonse pamalo pake, mawanga onse ndendende, pambuyo pake n'kutulukira chithunzithunzi changa m'madzi, chonyowa, chili wefuwefu, chitavala chipewa changa, n'kudzagona kumapazi anga osandilankhula. Azakhali a Desmond anaseka mpaka kugwira nthiti. Anandilozera kuseri kwa tenti, ndipo kunena zoona nkhuku kumeneko zili mbwee, m'misewu, m'mitengo, pansi pa matebulo, zopanda mwini. Ndinawauza kuti aziitane zonse, tione ngati pali imodzi yodziwa makiyi a Nachisale.

Lero Tadala ndi Desmond ali ku Peckham ndi ana awiri, ndipo agogo awo akachoka ku shifiti amathamangira komweko osadutsira n'kunyumba komwe. Mukafuna mboni kafunseni Nachisale, kungoti ali pa shifiti. Ndege mukuifunsa? Ndinabwerera nayo ndi tsabola wa konko, wofooka, ulendo wotopetsa. Nditafika a Nangozo analanda mthiko ndi zitenje zawo, bafa ndi ilo ndadzalamo tomato, zitseko ndi izo mwatsamirazo. Koma umboni weniweni ndi tambala. Tambala wa ku Tobago salira m'mamawa ngati anzake ayi, amasunga nthawi ya kwawo, amalira cha m'ma teni koloko pamene kumeneko kukucha. Tayang'anani wotchi yanu, a Tembo. Yatsala pang'ono. Khalani chete nonse, mumve nokha.

Dikirani. Musagwedeze mipando, ndi wamanyazi.

Mukuti chiyani pawindopo, a Nangozo? Tinamudya? Pa Khirisimasi, aneba atadandaula? Ndiye a Tembo omwewa anadya ntchafu?

Chabwino, tinamudya. Koma tabweretsani khutu lanu pamimba panga apa. Sunthani, musachite manyazi. Mukumva kulira kumeneko? Imeneyo si njala, ine ndadya kale m'mawa uno. Tagwirani yanunso, inayamba kale, ndimaimva kuchokera pano. Ku Tobago kwacha.