Tsiku Limene Ndinapatukira Apongozi M'malere

Amene akuseka kuseri kwa fodyako atuluke, abwere pano andigwire mkono uwu. Iwe mdzukulu wa aJere, ndakuona, bwera. Ugwire, ukoke, ukangondisuntha pampando pano njinga yanga ndi yako pamodzi ndi pampu yake. Mwaona, wakana. Ndiye manja azisankha fodya, makutu akhale kuno, chifukwa akanema amene mumakaonera pa Nsaruwo, a anthu omenyana chouluka aja, ine ndinali m'kati mwake abambo anu asanamere mano.

Luso ndinalitenga ku Joni. Pafupi ndi komboni ya mgodi panali Mtchaina wochapa zovala, kamunthu kondilekeza m'chiuno, ndipo tsiku lina ndikumuchitira matama anandimenyetsa pansi osatula n'komwe simbi imene anali nayo m'manja. Nditadzuka ndinamupempha kuti andiphunzitse. Anati kumenya n'kwa ana, uyambe waphunzira kugwa. Ndiye anayamba kundigwetsa, m'mawa pa simenti, masana pa njanji, Lamulungu pa mabotolo osweka, mpaka nthaka inandizolowera moti ikandiona ndikubwera inkafewa yokha. Kenaka anandipatsa za manja: nkhuni ndinkawaza ndi chikhatho, njerwa ndi chipumi, ndipo tsiku limene ng'ombe yamphongo inathawa kwa opha nyama ine ndinaigwira nyanga, kuizunguza, kuiponya kumbuyo kwanga, pofika pansi ili yosendasenda kale, chiwindi pachokha, nthumbwana pazokha. Mukumva?

Mbiri inauluka mpaka ku Halale, kwa azungu ojambula kanema. Mkulu wawo tinkamutcha Chisoti, chifukwa sankachivula ngakhale posamba. Ntchito yanga inali iyi: mwini nkhani m'kanemamo akafika poti agwe, iye ankapita kukamwa tiyi, ine n'kuvala malaya ake, n'kumugwera. Ndagwa pa sitima, pa mlatho, pa hatchi, ndawomberedwa, ndamizidwa, ndadyedwa ndi mkango umene pambuyo pake unabwera kudzandipepesa. Atandiona kuti nkhope ndili nayo anayamba kundipatsa mbali zangazanga, ndipo m'kanema wina ndinali wakuba, wapolisi ndinali ine ndemwe, ndinadzithamangitsa msika wonse, kudzigwira pakhosi, kudzitchera mwendo, kudzimanga unyolo, mpaka anachita kubwera anthu kudzandileretsa. Ndikulumbira, izi ndinaziona ndi maso angawa pa chinsalu.

Koma munthu amakumbuka kwawo. Ndinabwerera m'zaka zija za chitaganya, ndinaona Nabanda akuchokera ku chitsime, ndinamufunsira pomwepo. Ndinakwatira, ndinalowa chikamwini m'mudzi uno. Apa ndiye ndinakumana ndi munthu amene sindinamugonjetsepo, apongozi anga aakazi, aNaphiri. Za sitima ndi za hatchi analibe nazo ntchito, kwa iwo mkamwini ndi khasu basi. Tsono ine khasu ndikaligwira mpini unkathyoka, mphamvu kuchuluka. Ena ankati ndi ulesi, koma amenewo sanagwirepo ng'ombe nyanga. Okutobala anafika, anzanga mizere atamaliza, munda wa apongozi uli chikhalire, mlangizi wa malimidwe akubwera tsiku ndi tsiku kudzaopseza. Ndiye aNaphiri anatuma ankhoswe kuti mvula ikangogwa munda usanathe, mkamwini apinde mkeka wake azipita. Ndinachita mantha, ndisakunamizeni. Nabanda ndinkamukonda, anali woyembekezera mwana wathu woyamba, ndipo mukudziwa kuno kwathu mwamuna akachotsedwa amapita yekha, mwana amatsala.

Sabata yomweyo kunamveka lole. Chisoti uja wanditsata ndi makina ake, akufuna kujambula kanema wa malimidwe, nkhani ya mlesi amene amathawa khasu n'kukwera mumtengo, kenaka n'kugwa. Mudzi wonse unaseka kuti mwini wake wa nkhaniyi mwamupeza. Ine ndinangoti sekani. Tinasankha mbawa imene inali kumalire kwa munda wa apongozi, pansi pake tinaunjika mulu wa makoko a mtedza ndi mapesi woti ndigwerepo, akamwini anzanga ataima mozungulira atagwira lona.

Mtengo umenewo simunauone inu. Ndinayamba kukwera dzuwa likutuluka, pakati ndinapumula n'kudya chimanga chokazinga, pofika kunsonga ndinkaona asisitere akuyanika zovala ku Nambuma, ng'ombe zikumwa madzi ku Kabudula, ndi munthu wina ku Namitete amene ankayenda ndi mkazi wosakhala wake. Chisoti anakuwa pansipo kuti lumpha, mawuwo anachita kupumula panjira asanandifike. Ndinalumpha.

Ndikutsika, mphepo ikulira m'makutu, akabawi akundipatukira, ndinayang'ana pansi. Mulu uja palibe. Lona palibe. Akamwini anzanga palibe. Pali kautsi, ndipo pambali pa kautsiko, pamalo penipeni pamene ndimayenera kugwera, anjuta aNaphiri, akuwola phulusa ndi phale. Amayi aja anaona makoko a mtedza ataunjikidwa bwinobwino, anati awa ndi a chidulo chophikira thelele, anayatsa. Akamwini anzanga aja atangowaona akubwera anataya lona n'kuthawira kutchire mwa ulemu, chifukwa onsewo anakwatira ana a m'nyumba yomweyo ndi a achemwali awo. Panalibe ndi mmodzi yemwe woti n'kuwauza kuti kumwambaku kukubwera munthu.

Inu a masiku ano mumadyera mbale imodzi ndi apongozi anu, simungamvetse. Nthawi yathu mkamwini sankakumana nawo maso ndi maso. Ukawaona panjira unkapatuka, kulowa m'tchire ngakhale muli chitedze, kunjuta, kuwomba m'manja uli cheukire kwina. Tsono ine ndili m'malere, ndikubwera ngati thumba la chimanga, kulunjika pamsana pawo. Kuwagwera, ndapha agogo ake a mwana wanga. Kuwakuwira kuti thawani, ayang'ana kumwamba, tiphana maso, ukwati watha pomwepo.

Ndinaima. Eya, m'malere momwemo, pamwamba pang'ono pa mpango wawo wa kumutu. Ndinanjuta pamphepo, ndinatembenuzira nkhope kumbali, ndinawomba m'manja.

"Zikomo amayi, tidutse nawo."

Iwo osadzutsa mutu, akuwolabe phulusa lawo: "Dutsani, atate."

Ndinaponda mphepo ndi phazi lamanzere monga anandiphunzitsira Mtchaina uja, ndinapatuka, koma liwiro lonse lija linali lidakali m'thupi, ndiye ndinakafikira m'munda chogona chagada, zidendene zitalowa m'nthaka, n'kuyamba kuseseleka, dothi likugawikana uku ndi uku, kufika kumalire kutembenuka, kubwerera, kutembenukanso, zitsa zikuzuka, zulu zikusalala, mbewa zikutuluka m'mauna zili zowauka kale ndi kutentha, ana akutola, mpaka ndinakaima kudambo kabudula akufuka utsi. Fumbi litatsika, munda wonse unali mizere yokhayokha, yopingasa bwino monga ankafunira a malimidwe. Mlangizi anavula chipewa, analira. Mukumva?

Chisoti naye analira, koma kulira kwina. Wopukusa makina anali mnyamata wa ku Mpingu, nayenso mkamwini kwawo, ndipo ataona mayi wamkulu atanjuta anatembenuzira makinawo kutchire mwa chizolowezi. Kanema yense anatuluka mitengo yokhayokha. Ndiye musandifunse kuti tikamuonere kuti.

Madzulo ake aNaphiri anayendera munda ndi ndodo yawo, mzere ndi mzere. Ine ndili kuseri kwa nkhokwe, ndikusuzumira. Kenaka ankhoswe anabwera.

"Akuti mkamwini akhale," anatero. "Koma akuti munda wa achemwali awo watsala. Mawa mukwerenso."

Chisoti anandinong'oneza kuti tiye ku Ulaya, kumeneko kulibe minda. Ndinayang'ana Nabanda akusinja, mimba ili patsogolo, ndinamuuza mzunguyo kuti lole yake iziyenda. M'mawa mwake ndinakwera mbawa ija, mudzi wonse uli pansi, ndinalumpha. Koma tsiku limenelo apongozi anakaima patali kuti aonere bwino, ndiye panalibe wondipatutsa. Ndinafika pansi chimodzimodzi dzungu, nthaka ya kuno sinkandidziwa ngati ya ku Joni, mwendo uwu thyo. Munthu wothyoka mwendo sauzidwa kuti apinde mkeka, ndiye mvula inagwa ine ndili chigonere m'nyumba ya mkazi wanga, mwana anabadwa ndili pomwepo, ndipo aNaphiri ankatumiza phala m'mawa uliwonse, lothira nsinjiro, ngakhale sanasiye kunditcha mlesi mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Alipo ena m'mudzi muno amene amati kulumpha kunali kumodzi kokha, kwachiwiriko, ndiponso kuti mtengowo unali wa mango. Amenewo ndi ansanje. Nabanda akayamba kuwathandiza musamumvere, iyeyo anali atatsinzina.