Moni anandidyera sukulu

Mpaka lero wailesi ikalira m'minibasi ndimayang'ana pawindo ngati sindikumva. Ndili ndi chifukwa.

Ine ndimaphunzitsa ana a mmera mpoyamba ku Bangwe, ndipo nthawi imeneyo tinkaphunzirira m'kachipinda ka tchalitchi chathu. Chaka chatha ana anachepa kwambiri. Makolo ankati mwana wa zaka zitatu akaphunzira chiyani, bola azisewera pakhomo. Akomiti ya mpingo anandiuza mosapsatira kuti ana akapanda kuchuluka, chipindacho apatsa telala wina amene ankachifuna. Tulo tinandithawa. Mwamwayi mnzanga anandipezera mpata pa wailesi ina m'tauni muno kuti ndikawagwire mtima makolo.

Kulakwa kwanga kunali kuuza anthu (pakamwa panga sipagona nkhani, amuna anga ndi mboni). Kuchokera pampopi mpaka pasiteji, aliyense ankati, "Aphunzitsi, kamoni katifike!" Ine kumangovomera.

Mu situdiyo munali mozizira, koma ine thukuta kamukamu. Muulutsi anati, "Mayi, nthawi ndi yochepa. Tiuzeni, n'chifukwa chiyani mwana ayenera kuyamba sukulu ali wamng'ono?"

Yankho ndinali nalo, loloweza bwinobwino. Koma munthu woleredwa sangoyamba nkhani ngati wagwa mumtengo.

"Zikomo achimwene. Poyamba ndipereke moni kwa abusa athu ndi mayi busa."

Ukatchula abusa, ungasiye akulu a mpingo? Nanga amayi a kwaya amva bwanji? Ndinafika kwa apongozi ku Machinjiri, n'kudutsa kwa alamu anga ku Ndirande, n'kubwerera kwa bambo amene amatigulitsa makala. Muulutsi anayamba kuzunguza chala m'mwamba, ine n'kumayesa akuti ndikukhoza.

"Mayi, za ana zija..."

"Eya, ana! Moni kwa Chisomo, kwa Yamikani, kwa amapasa a kumtunda..."

Ndinangomva nyimbo yotsatsa sopo. "Nthawi yatithera, mayi," anatero akuvula zam'makutu. Ubwino wa sukulu sindinaunene. Dzina lake, ngakhale kumene ili, sindinatchule.

Ku Bangwe anandilandira ngati phungu. Aliyense anadzimva pa wailesi, koma wobwera ndi mwana panalibe. Mwezi utatha chipinda chinapita, ndipo ndinalira ndithu ndikumatula zithunzi za ana kukhoma. Otsalawo ndimawaphunzitsa pakhonde panga.

M'mawa wina kunatulukira mayi Nachisale, oyandikana nafe nyumba, nkhope ili gwa, kamdzukulu kawo kali kudzanja.

"Aphunzitsi, mpaka wamakala kumutchula, ine ayi? Ndinakulakwirani chani?"

Ndinagwada n'kupepesa ndi mtima wonse, uku dzanja linali likukokera mwanayo pamphasa pomwe panali anzake. Agogo ake anakalipa mpaka kutopa, n'kubwerera okha. Kamwanako pano kamawerenga mpaka teni, ndipo ndi kokhako kamene wailesi inandibweretsera.